Jack plate pa boti la injini: kudziwa ngati ikufunika, kuimanga ndi kuitchera

Pali vuto limene eni maboti a injini amalimbana nalo mpaka kutaya mtima. Injini ndi yabwinobwino, pulopela ndi yosapindika, mafuta ndi oyera, koma boti likuyenda ngati likukoka thumba la mchenga. Mukawonjezera moto, mphuno imadzuka m'mwamba, kumbuyo kumamira, ndipo pamapita nthawi kuti boti likwere pamwamba pa madzi n'kuyamba kutsetsereka. Mukafika posaya, mwendo wa injini, chigawo chija chotsikira m'madzi chimene chili ndi pulopela, umakanda pansi. Ndiye wina amakuuzani kuti mankhwala ake ndi jack plate. Mumagula, mumamanga, tsiku loyamba lomwelo mumakweza injini mpaka pamapeto, kenako mumangomva alamu ya kutentha kapena pulopela ikulira osagwira madzi.

Jack plate ndi chipangizo cha aluminiyamu chimene chimakhala pakati pa injini ndi khoma lakumbuyo la boti, lija amakaniko amalitcha transom. Ili ndi mbali ziwiri: ina imamangidwa ku boti, ina imanyamula injini ndipo imatsetsereka chokwera ndi chotsika. Ntchito zake ndi ziwiri zokha. Imakweza kapena kutsitsa injini mowongoka, osaipendeketsa monga imachitira trim (makina opendeketsera injini), ndiponso imaitalikitsa pang'ono kuchoka ku boti. Siwonjezera mphamvu ya injini ngakhale pang'ono. Phindu lake lonse lagona pa kupeza msinkhu umene mwendo wa injini sukumira mopitirira muyeso, koma pulopela ikugwirabe madzi ndipo injini ikumwabe madzi oiziziritsa. Ngati muli wokonzeka kuyeza ndi kulemba manambala, mudzapindula nayo. Ngati mukufuna kungomanga n'kumapita, ndalama zanu zisungeni.

## Zida ndi zipangizo zofunika

Zoyezera:
- Tepi yoyezera, ndi thabwa kapena chitsulo chowongoka chotalika mita imodzi kapena kuposerapo
- GPS yoonetsa liwiro, ya pa foni imakwanira
- Geji yoonetsa RPM ya injini, kutanthauza maulendo amene injini imazungulira pa mphindi imodzi
- Geji yoonetsa mphamvu ya madzi oziziritsa injini. Iyi musaisiye, ndifotokoza chifukwa chake
- Kabuku, cholembera, ndi buku la malangizo la injini yanu

Zomangira:
- Jack plate yogwirizana ndi mphamvu komanso kulemera kwa injini yanu
- Chonyamulira injini cholimba, pamodzi ndi mphete yonyamulira yoyenera mtundu wa injiniyo
- Mabawuti a stainless a theka la inchi, mawasha akuluakulu ndi manati osamasuka okha. Pamafunika 8: anayi a ku boti, anayi a ku injini
- Masipanala ndi masoketi, ndi sipanala yoyeza kalimbitsidwe ka mabawuti, ija amati torque wrench
- Mankhwala omatira otseka madzi opangidwira maboti, monga 3M 4200
- Girisi wa m'madzi ndi mafuta opaka pa mazinga a mabawuti kuti asagwirane
- Ngati jack plate ndi ya hydraulic, yokwezedwa ndi batani osati ndi manja: waya wa m'boti, fyuzi kapena breaker, ndi zomangira mawaya

Ndipo pakhale munthu wina wamphamvu wokuthandizani. Injini ya mtundu wa four-stroke ya 115 hp (horsepower, muyeso wa mphamvu ya injini) imalemera pafupifupi makilogalamu 170, ya 150 hp imapitirira 200. Si katundu woti munthu anene kuti ndingoyesa ndekha.

## Gawo loyamba: musanatulutse ndalama

1. Yezani pamene injini ili panopa. Ikani boti pa ngolo yake pamalo osatsetsereka. Pamwamba pa pulopela pali kachitsulo kophwatalala konga phiko, komwe mabuku amakatcha anti-ventilation plate. Ine ndizingokatcha phiko. Sinthani trim mpaka phikolo lilingane bwinobwino ndi pansi pa boti, lisaloze m'mwamba kapena pansi. Kenako gonekani thabwa lowongoka lija pansi pa boti, pakati penipeni, lituluke kumbuyo mpaka pa mwendo wa injini. Yezani mpata wa pakati pa thabwa ndi phiko, ndipo lembani. Pa maboti ambiri, poyambira pabwino ndi pamene phiko lalingana ndi pansi pa boti kapena lakwera pang'ono. Mukapeza kuti lili pansi kwambiri, mwapeza kale gwero la vuto lanu.

Chenjezo: ambiri amayeza injini ili yopendekeka, ndipo nambala imene amapeza imawasocheretsa. Linganizani phiko kaye.

2. Pitani pamadzi mukalembe manambala oyambira. Nyamulani katundu ndi anthu amene mumayenda nawo masiku onse, mafuta akhale theka la thanki kapena kuposerapo. Lembani masekondi amene boti likutenga kuti likwere pamwamba pa madzi, liwiro lapamwamba, RPM pa moto wonse, ndi mphamvu ya madzi oziziritsa. Yendani ulendo wopita ndi wobwerera pamalo amodzimodzi kuti mphepo isakunamizeni. Boti likamathamanga, mnzanu atavala jekete lopulumutsira moyo ndi kugwira molimba, asuzumire kumbuyo. Phiko liyenera kuoneka likuyenda pamwamba penipeni pa madzi. Ngati silikuoneka konse, lamira, ndipo madzi akuthovokera m'mbali mwa mwendo, injini yatsika kwambiri.

Popanda manambala awa, simudzadziwa ngati jack plate yakuthandizani kapena ayi. Khutu limanama. Injini ikakwera imalira mokweza, ndipo munthu amaganiza kuti akuthamanga kwambiri pamene GPS ikuonetsa liwiro lomwe lija.

3. Yesani kaye njira yaulere. Pa chomangira cha injini zapakati ndi zazikulu pamakhala mabowo anayi kapena asanu otsatizana, otalikirana ndi magawo atatu mwa anayi a inchi, omwe ndi mamilimita 19. Maboti ambiri amatuluka kogulitsa injini itamangidwa motsika, chifukwa womanga amafuna pulopela igwire madzi muli monse. Kwezani injini ndi bowo limodzi, mubwerere pamadzi, muyezenso. Ndaonapo maboti angapo amene vuto lawo lonse linathera pamenepa. Ngati bowo limodzi kapena awiri akupatsani zimene mumafuna, jack plate yamanja siidzawonjezerapo zambiri.

4. Dzifunseni moona mtima za boti lanu. Apa ndi pamene funso lakuti kodi ndi yoyenera kugula limayankhidwa.

Jack plate imapindulitsa kwambiri pa boti lopepuka, lothamanga, limene limayenda pamwamba pa madzi, chifukwa pa liwiro lalikulu sentimita iliyonse ya mwendo womira imakoka boti m'mbuyo. Imapindulitsanso, mwinanso koposa, kwa amene amayenda m'madzi osaya. Taganizirani zimene zimachitika mukagwiritsa ntchito trim kuti mupewe mchenga: injini imapendekeka, pulopela imakankhira madzi chokweza, kumbuyo kwa boti kumamira ndipo mphuno imadzuka, ndiye pamene mumafuna kuyandama kwambiri ndi pomwe mukumira kwambiri. Ndi jack plate, injini imakwera chowongoka, pulopela ikukankhabe molunjika kumbuyo, ndipo boti limanyamuka lili chogona. Phindu lachitatu ndi la amene ali ndi injini ya mwendo wautali kuposa transom yawo. Miyendo ya injini imabwera ya mainchesi 15, 20, 25 ndi 30. Ngati muli ndi ya 25 pa transom ya 20, jack plate ingathe kubwezera mainchesi asanu amenewo popanda kumanganso boti.

Koma pa boti lolemera limene limangong'amba madzi osakwera pamwamba, lonyamula katundu pa liwiro lochepa, musadzivute. Kumeneko kukoka kwa mwendo wa injini ndi kochepa kwambiri poyerekeza ndi kukoka kwa boti lenilenilo. Chimodzimodzinso boti limene nthawi zonse limayenda pa mafunde aakulu, pomwe mumafuna pulopela ikhale yozama kuti isamatuluke m'madzi. Ndipo boti limene kumbuyo kwake n'kolemera kale, jack plate idzangoliwonjezera mavuto. Za liwiro, musayembekezere zozizwitsa: nthawi zambiri ndi makilomita ochepa pa ola.

5. Fufuzani transom ngati dokotala. Jack plate imatalikitsa injini, ndipo katundu akatalikira amakoka mwamphamvu, monga mmene ndowa imalemerera mukainyamula mkono uli wotambasula. Transom zambiri za maboti a fiberglass zili ndi matabwa mkati. Gogodani paliponse ndi chigwiriro cha hamala: polimba pamalira mokweza ndi momveka bwino, povunda pamalira ngati ng'oma yong'ambika. Pendeketsani injini m'mwamba, mugwire mwendo wake, muukankhire pansi ndi mphamvu mnzanu akuyang'ana transom. Isapindike. Onaninso ming'alu m'makona ndi mawasha amene alowa m'khoma.

Ndinathandizapo mnzanga kuchotsa injini pa boti looneka lolimba kwambiri, penti wake wonyezimira. Titazula bawuti yam'munsi, m'bowomo munatuluka timadzi tofiirira, ndipo nditapisamo waya ndinatulutsa utuchi wakuda wonyowa, wonunkha ngati chitsa chovunda. Jack plate inali kale pambali, m'katoni yake. Inabwerera osamangidwa, ndipo zinali bwino kutero, chifukwa transom yotere ikathyoka pamadzi imapita ndi injini. Mukapeza zimenezi, konzani transom kaye. Onaninso malangizo a amene anapanga boti, chifukwa ena amaika malire a mtunda umene injini ingatalikire, ndipo kupyola malirewo kungathetse waranti.

6. Sankhani mtundu ndi kutalika kwake. Yamanja imakhala ndi bawuti yaikulu pakati imene mumazungulitsa ndi sipanala mutamasula mabawuti a m'mbali. Ndi yopepuka, ilibe zamagetsi zoti ziwonongeke, ndipo ndi ya munthu amene akufuna kupeza msinkhu umodzi wabwino n'kuusiya. Ya hydraulic ili ndi mota ndi pampu, mumaikweza ndi batani boti likuyenda. Ndi yolemera komanso yodula, koma kwa woyenda posaya kapena wosinthasintha katundu, ndi imeneyi yokha imene ili ndi tanthauzo. Makampani odziwika ndi monga Bob's Machine Shop, CMC, SeaStar, ndi T-H Marine amene amapanga Atlas. Zambiri zimakwera ndi kutsika mainchesi asanu kapena asanu ndi limodzi.

Mtunda wotalikitsira injini umakhala wa mainchesi 4, 6, 8, 10 kapena 12, kutanthauza masentimita kuyambira 10 mpaka 30. Kutalikitsaku kuli ndi cholinga. Madzi akatuluka pansi pa boti amayamba kukwera, ndiye pulopela ikakhala patali pang'ono imapeza madzi okwera komanso osavunduka, ndipo injini ingathe kukwezedwa osataya kugwira kwake. Amakaniko ambiri amawerengera mwachidule kuti pa mainchesi 8 mpaka 12 otalikitsa, injini ikhoza kukwera inchi imodzi. Limeneli ndi poyambira chabe, osati lamulo. Pa boti laling'ono, tengani yaifupi, ya 4 kapena 6. Yaitali imamiza kumbuyo, ndipo nthawi zina imayambitsa vuto lija loti mphuno ya boti izingodumphadumpha.

Chenjezo: werengani malire a mphamvu ndi a kulemera onse awiri. Injini ya four-stroke kawirikawiri imalemera kuposa two-stroke yakale ya mphamvu yofanana.

## Gawo lachiwiri: kumanga

7. Onani ngati zingwe zifika. Musanamasule bawuti iliyonse, yang'anani chingwe kapena mapaipi a chiwongolero, zingwe za magiya ndi za moto, paipi ya mafuta, ndi mawaya a batire. Zonsezi ziyenera kufika pamene injini idzakhale: kumbuyo ndi mainchesi angapo, komanso pamwamba penipeni pa jack plate, injini itakhotera kumanja kotheratu ndi kumanzere kotheratu. Chingwe cha chiwongolero ndi chimene chimakana kawirikawiri, chifukwa ndi cholimba ndipo sichifuna kupindidwa mwamphamvu. Ngati chili chachifupi, gulani chachitali tsopano, osati injini ili lendelende pa chonyamulira.

8. Chotsani injini. Tsekerani matayala a ngolo ndi miyala kapena matabwa, ndipo ikani chochirikiza kumbuyo kwa ngolo. Chotsani waya wa negative pa batire. Vundukulani injini, mangani mphete yonyamulira pamalo amene buku lanena, kokani chonyamulira mpaka chingolandira kulemera kwake, osakweza. Masulani manati, tulutsani mabawuti am'munsi kenako apamwamba, ndipo kankhirani injini kumbuyo pang'onopang'ono. Nthawi zambiri simufunika kuchotsa zingwe zonse ngati zili ndi mpata.

Chenjezo: mankhwala omatira akale angagwire injini ku transom ngakhale mabawuti atatuluka. Musaikoke ndi chonyamulira, mudzasenda khungu la boti. Lowetsani timphero tamatabwa kapena tapulasitiki pang'onopang'ono mpaka ilekane. Ndipo dzanja kapena phazi lisakhale pansi pa injini yolendewera.

9. Yeretsani ndi kuyesa mabowo. Palani zomatira zakale zonse, pukutani, ndipo umitsani mkati mwa mabowo. Injini zambiri zapakati ndi zazikulu zimatsata muyeso umodzi wa mabowo wotchedwa BIA: apamwamba amatalikirana mamilimita 327, am'munsi 251, ndipo kuchokera pamwamba kufika pansi ndi 203. Jack plate zambiri zimapangidwa pa muyeso womwewu, ndiye zimalowa pa mabowo akale osaboola ena. Igwirizeni pa transom osapaka kanthu kaye, mulowetse mabawuti, muone ngati yakhala pakati ndiponso yawongoka. Injini zazing'ono zomangira ndi zopotokola zamanja sizitsata muyeso umenewu, zimafuna jack plate yakeyake.

Ngati pakufunika kuboola mabowo atsopano, tsekani akale ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy mpaka adzaze, ndipo boolani molunjika. Bowo lakale losiyidwa ndi khomo la madzi.

10. Mangani jack plate ku boti. Sankhani mabowo amene angachititse kuti jack plate ikatsika kotheratu, phiko likhale pafupi ndi msinkhu wa pansi pa boti. Mukatero ndiye kuti kukwera kwake konse mudzakugwiritsa ntchito, ndipo pa mafunde mudzatha kutsitsa injini mokwanira. Pakani zomatira mkati mwa bowo lililonse, pa thunthu la bawuti, ndi kuzungulira bowo mbali zonse ziwiri. Musaumire, zotuluka m'mbali mudzapukuta. Mkati mwa boti ikani mawasha akuluakulu kapena chitsulo chophwatalala chogawa kulemera, makamaka pa mabawuti apamwamba chifukwa ndi amene amakokedwa kwambiri. Limbitsani mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko, mpaka pa muyeso umene buku lanena.

Pali misampha iwiri apa. Woyamba ndi wa 3M 5200: imagwira kwamuyaya, ndipo tsiku limene mudzafune kuchotsa jack plate mudzalira nayo. Ya 4200 imatseka madzi bwino koma imalola kumasula. Wachiwiri ndi wa mabawuti a stainless. Mukawamanga mothamanga ndi makina, mazinga ake amatentha n'kugwirana ndi nati, osapita kutsogolo osabwerera, mpaka mudule. Pakani mafuta pa mazinga okha ndipo mangani ndi manja. Muzigwira mutu wa bawuti kuti usazungulire, muzizungulitsa nati, apo ayi mukupukuta zomatira zomwe mwaika m'bowo.

11. Mangani injini pa jack plate. Ibweretseni ndi chonyamulira, lowetsani mabawuti apamwamba kaye, kenako am'munsi. Onetsetsani kuti nsonga za mabawuti sizikhudza mbali yotsetsereka ya jack plate pamene ikukwera kapena kutsika. Nati iliyonse idutsidwe ndi mazinga awiri kapena atatu. Limbitsani ndi torque wrench, kenako masulani chonyamulira.

12. Lumikizani zamagetsi, ngati ndi ya hydraulic. Ikani fyuzi kapena breaker pafupi kwambiri ndi batire pa waya wa positive. Bokosi la relay, lomwe ndi swichi yoyatsa mota ya jack plate, likhale pamalo ouma, okwera. Batani likhale poti chala chilifike dzanja lisanachoke pa chiwongolero. Mawaya opita ku jack plate asiyireni mpata wopindika kuti asakokeke ikamayenda, ndipo malo onse olumikiza atsekedwe kuti madzi asalowe.

13. Yesani zonse boti lisanalowe m'madzi. Sitepe iyi ndi imene anthu amaidumpha chifukwa cha changu, ndipo ndi imene imaswa zinthu. Tsitsani jack plate kotheratu. Pendeketsani injini m'mwamba pang'onopang'ono, mnzanu maso ali pa silinda ya chiwongolero, pa mapaipi ndi pa chivundikiro cha injini. Pa maboti ambiri, jack plate ikatsika, silinda ya chiwongolero imagunda m'mphepete mwa transom kapena pa jack plate yeniyeniyo, ndipo pampu ya trim ili ndi mphamvu zokwanira kuthyola cholumikizira cha paipi inu osamva kanthu. Bwerezani jack plate ili pakati, kenako ili pamwamba, uku mukukhotetsa chiwongolero mbali zonse. Mukapeza malo ogundana, lembani ndi kukumbukira kuti musanapendeketse injini muzikweza kaye jack plate.

## Gawo lachitatu: kuitchera pamadzi

14. Yambirani pansi. Boti likangoyandama, onani kumbuyo. Mabowo otulutsira madzi asamire, ndipo madzi asayandikire kwambiri pamwamba pa transom. Suzumirani mkati ngati mabawuti sakudontha. Ngati kumbuyo kwamira kuposa kale, sunthirani batire kapena katundu wina kutsogolo. Mangani chingwe chozimitsira injini pa dzanja kapena pa jekete lanu. Ikani injini pa msinkhu umene inali kale ndipo yendani, muone ngati manambala akufanana ndi a mu sitepe 2.

15. Kwezani pang'onopang'ono, mukulemba. Kwezani theka la inchi, kapena kuchepera apo, nthawi imodzi. Lembani mizere pa jack plate ndi cholembera chosafufutika kuti muzidziwa pamene muli. Pa msinkhu uliwonse lembani zinayi zija: nthawi yonyamukira, liwiro, RPM, ndi mphamvu ya madzi. Musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mukasintha msinkhu, trim ndi pulopela pamodzi, simudzadziwa chimene chathandiza. Ngati ndi yamanja, limbitsaninso mabawuti a m'mbali nthawi iliyonse musananyamuke.

Mudzaona RPM ndi liwiro zikukwera pamodzi, chiwongolero chikupepuka, ndipo madzi othovoka kumbuyo akuchepa. Kenako padzafika pamene RPM ikukwerabe koma liwiro laima kapena layamba kutsika. Pamenepo pulopela yayamba kuterereka, ikumeza mpweya. Mwapitirira. Tsitsani injini ibwerere pa msinkhu umene inali musanaikweze komaliza.

16. Maso akhale pa geji ya madzi. Injini imamwa madzi oiziziritsa kudzera pa timabowo ta m'mbali mwa mwendo, pamwamba pang'ono pa mzere wa pulopela. Mukakweza injini, timabowoti timayandikira pamwamba pa madzi ndipo timayamba kumeza mpweya. Kamtsinje ka madzi kaja kotuluka kumbuyo kwa injini kamangokuuzani kuti pampu ikuzungulira. Sikakuuzani ngati madzi akukwanira.

Zinandichitikira ndili pa boti lopanda geji. Tinali titakweza injini mpaka liwiro linasangalatsa aliyense, ndipo ndinkacheuka kawirikawiri kuona kamtsinjeko, kakutuluka ndithu. Titakhota mwamphamvu pang'ono, boti linapendekeka, mbali imodzi ya timabowo inatuluka m'madzi, ndipo posakhalitsa alamu inalira, injini n'kudzichepetsa yokha moto. Titatsegula pampu tinapeza mapiko a labala a impeller, kachipangizo kozungulira kamene kamakankha madziwo, atapsa m'mphepete, ena atapindika osabwereranso. Tinapulumuka chifukwa injiniyo inali ndi alamu. Injini yopanda alamu ikanapitiriza mpaka kupsa.

Choncho pezani m'buku la injini yanu mphamvu ya madzi yochepetsetsa imene imaloledwa pa moto wonse, popeza imasiyana injini ndi injini. Singano ya geji ikayamba kutsika kapena kunjenjemera, tsitsani injini nthawi yomweyo, ngakhale liwiro likukoma bwanji.

17. Yesani pokhota, pa mafunde, ndi katundu wambiri. Msinkhu umene wapambana pa madzi abata poyenda mowongoka si umene mudzagwiritse ntchito tsiku lililonse. Khotani mbali zonse ziwiri, kuyamba mofatsa. Pulopela ikataya madzi pokhota, injini imalira mwadzidzidzi ndipo boti limataya mphamvu, nthawi zina limatsetsereka chammbali. Tsitsani pang'ono. Kwa jack plate yamanja, sankhani msinkhu umene ukugwira bwino boti litadzaza ndiponso pa madzi ovunduka, ngakhale mutaye liwiro pang'ono. Kwa ya hydraulic, dziwani misinkhu itatu: wonyamukira, woyendera, ndi wa posaya. Ndipo posaya, injini ili pamwamba, musakhalitse pa moto wambiri.

18. Onaninso pulopela. Injini ikakwera, RPM imakwera. Iyenera kukhalabe mkati mwa malire amene wopanga anaika pa moto wonse, omwe pa four-stroke zambiri ali pakati pa 5000 ndi 6000. Ikapyola, mukufunika pulopela ya pitch yokulirapo (pitch ndi mtunda umene pulopela imayenera kupita kutsogolo ikazungulira kamodzi), ndipo inchi imodzi ya pitch imasintha RPM ndi 150 mpaka 200. Dziwaninso kuti pulopela wamba ya aluminiyamu simagwira bwino ikayandikira pamwamba pa madzi. Ya stainless yokhala ndi milomo yopindikira mkati, kapena ya mapiko anayi, imagwira bwino injini ili pamwamba. Ambiri amene amadandaula kuti jack plate sinawathandize amakhala akugwiritsabe ntchito pulopela imene singalole kukwezedwa. Mtengo wa pulopela yatsopano muuwerengere limodzi musanagule jack plate.

## Zolakwa zimene zimabwerezedwa

Kukweza mpaka pamapeto chifukwa mpata ulipo. Kuti jack plate imakwera mainchesi asanu ndi limodzi sizitanthauza kuti boti lanu liwafuna onse. Maboti wamba ambiri amakhutira ndi inchi imodzi kapena awiri.

Kuiwala kulimbitsanso mabawuti. Mukayenda maola ochepa oyamba, zomatira zimakhala zitakhazikika ndipo mawasha alowa pang'ono. Bwererani ndi torque wrench pa mabawuti onse 8, ndipo muziwaona kawirikawiri. Injini yogwedera pa jack plate imakulitsa mabowo, ndipo boti lothamanga limayamba kuyenda mopepera.

Kugwiritsa ntchito mabawuti akale kapena achitsulo wamba. Bawuti imene yakhala zaka mkati mwa transom yonyowa ingaoneke bwino kumutu koma itadyeka pakati, pomwe mpweya sufika. Gulani atsopano.

Kusasamala za dzimbiri. Aluminiyamu ndi stainless zikakhudzana m'madzi amchere, aluminiyamu ndi amene amadyeka. Tsukani ndi madzi abwino mukatuluka, pakani girisi m'njira zotsetsereka monga wopanga wanenera, ndipo sinthani anode, kachitsulo koikidwa dala kuti kazidyeka m'malo mwa aluminiyamu, ikadyeka theka. Anode isapakidwe penti. Jack plate yamanja imene yakhala chaka osagwedezedwa imatha kuuma osayendanso, ndiye muziikweza ndi kuitsitsa mwa apo ndi apo ngakhale simukufuna kusintha msinkhu.

Kukoka ngolo osaona mpata wapansi. Injini tsopano yatalikira kumbuyo, ndipo potsika kapena pokwera chitunda mwendo wake umayandikira msewu kuposa kale. Yezaninso mpatawo, ndipo onani ngati chochirikiza injini pa ngolo chikufikabe, chifukwa chakale nthawi zambiri chimakhala chachifupi.

Kubwereketsa boti osafotokoza. Munthu amene sadziwa batani la jack plate angalikanikize poganiza kuti ndi la trim, n'kukweza injini mpaka timabowo ta madzi tituluke. Musanampatse makiyi, muonetseni batanilo, muonetseni geji ya madzi, ndipo mumuuze mzere umene sayenera kupyola.